Tsiku Limene Mayi Michiko Anandionetsa Nara

M'nyumba mwa Mayi Michiko munkamveka fungo la tiyi wa balere wokazinga. Linkafanana ndi fungo la chimanga chimene chayamba kupserera m'chiwaya, ndipo linkakulandira pakhomo pomwe usanavule n'komwe nsapato. Tiyiyo ankamuwiritsa m'mawa n'kumuika m'furiji, ndipo tinkamwa wozizira, wopanda shuga kapena mkaka. Tsiku loyamba ndinafuna kulavula, koma amayi anandiyang'ana ndi diso lawo la m'tchalitchi, ndipo ndinameza.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chinali chilimwe changa chachiwiri ku England. Ine ndi amayi tinkakhala ku Nechells, m'fulati ya m'mwamba imene zenera lake linkayang'ana madenga a mafakitale ndi malole oimikidwa mondondozana. Bambo anali adakali ku Malawi, akudikira mapepala. Amayi anali namwino ku Zomba, koma kuno ankasamalira okalamba m'nyumba zawo. Sukulu itatsekera panasowa kondisiya, chifukwa mayi wa kutchalitchi amene ankandisunga anali atapeza ntchito ya masana. Choncho amayi anachita chimene ejensi imene inawalemba ntchito inkaletsa kwambiri: anayamba kupita nane kuntchito.

"Ukakhale phee," anatero tili m'basi tsiku loyambalo. "Ejensi ikangomva, ntchito yatha. Ntchito ikatha, viza yathanso. Wamva, Takondwa?"

"Yes, Mum," ndinayankha. Chichewa ndinkachimva chonse, koma pakamwa panga chinali chitayamba kale kuthawa.

Tinkakwera basi mpaka m'tauni, kenako thiramu, sitima yaing'ono ya m'tauni, yopita ku West Bromwich. Ndinkakonda kukhala pazenera n'kumaona kuseri kwa nyumba za anthu, zovala zili pazingwe, makoma olembedwalembedwa ndi maluwa ofiirira omera okha m'mbali mwa njanji. Nyumba ya Mayi Michiko, mmodzi wa okalamba amene amayi ankawasamalira, inali ya njerwa zofiira, yogundizana ndi zinzake, ndipo kunja sinkasiyana ndi ina iliyonse mumsewumo. Koma m'kati munali masilipasi ondandalikidwa pakhomo, kansalu kabuluu kolendewera pakhomo la khitchini, ndi kabelu kagalasi pazenera kamene kankalira mphepo ikadutsa.

Mayi Michiko anali aafupi, a tsitsi loyera lometedwa bwino, ndipo ankayenda ndi ndodo koma msana uli chilili. Amuna awo, Mngelezi amene ankagwira ntchito pafakitale ya zitsulo, anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekha, bambo David, ankakhala ku Telford ndipo ankabwera Loweruka lokha. Tsiku loyambalo amayi anandikhazika kuseri kwa chitseko cha khitchini ndi buku, koma ola lisanathe ndinamva ndodo ikugogoda pansi pafupi ndi mapazi anga. Mayi Michiko anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anauza amayi m'Chingelezi chawo chodekha kuti m'nyumba mwawo alendo amakhala pabalaza, ndipo za ejensi iwo sakuzidziwa.

Kuyambira tsiku limenelo malo anga anali pakapeti, pambali pa mpando wawo. Anali ndi chitini cha mabisiketi chodzaza zithunzi, ndi mapu akale ong'ambika m'mapindo. M'zithunzimo munali mtsikana wovala jekete yabuluu ndi magolovesi oyera, atanyamula kambendera. Anali iwowo. Asanakwatiwe ankagwira ntchito yoonetsa alendo mzinda wakwawo wa Nara, mzinda umene kalekale unali likulu la Japan. Anandiuza monyadira kuti iwo sanali a mabasi odzaza anthu. Ankatenga mlendo mmodzi, kapena banja limodzi, n'kuyenda naye wapansi tsiku lonse. Amuna awo anawapeza choncho: bambowo anabwera ku Japan pa zantchito, analemba munthu wowaonetsa mzinda tsiku limodzi, ndipo mawa lake anabweranso, mkuja wake chimodzimodzi.

Amayi akamachapa kapena kukonza mankhwala, ine ndinkaphunzira Nara. Ndinamva za agwape oyenda momasuka m'misewu, amene amaweramitsa mutu ukawaonetsa bisiketi. Ndinamva za kachisi wamatabwa wamkulu ngati phiri, mmene muli fano lamkuwa la Buddha limene chikhatho chake n'chachitali kuposa munthu. Kuseri kwa fanolo kuli mzati wokhala ndi bowo pansi, ndipo ana amakwawa kudutsa m'bowomo kuti apeze mwayi. Mayi Michiko anayeza mapewa anga ndi manja awo n'kunena kuti ndikhoza kudutsa. Anandiphunzitsa kuwerama popereka moni, kusamba m'manja ndi chikho cha nsungwi, ndi kuyenda m'mbali mwa njira ya kukachisi osati pakati. Ndikalakwitsa ankandibwezera poyamba, osaseka.

Tsiku lina anapinda mapu aja n'kuika dzanja pamwamba. "Lachisanu lomaliza la holide ndidzakutenga," anatero. "Tsiku lonse. Udzakhala mlendo wanga."

Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Ndinauza ana a pafulati pathu kuti ndikupita ku Japan. Ndinauzanso bambo pafoni, ndipo anaseka n'kundiuza kuti ndikawabweretsere gwape mmodzi. Nditafunsa amayi za pasipoti yanga, anangomwetulira motopa akusita yunifolomu, poganiza kuti ndikupitiriza masewera. Palibe anazindikira kuti ine ndinkawerenga masiku pakalendala ya kukhitchini.

Panali zina zimene ndinkaona koma osazimvetsa. M'mawa Mayi Michiko ankakhala akuthwa, koma dzuwa likapendeka mawu a Chingelezi ankayamba kuwathawa. Ankatha kuyankhula ndi amayi m'Chijapani kwa nthawi yaitali, amayi n'kumangovomera. Tsiku lina tinapeza ketulo m'furiji. Tsiku linanso ananditchula dzina lachilendo, ndipo amayi anandinong'oneza kuti ndi la mng'ono wa Mayi Michiko, ndingoyankha.

Lachisanu lija linacha bwino, kopanda mtambo. Ndinavala diresi langa la kutchalitchi, ndipo m'chikwama cha kusukulu ndinabisamo mswachi, juzi ndi zovala zogonera. Tinapeza Mayi Michiko atakonzeka kale. Jekete yabuluu ija inali itawakulira m'mapewa ndipo inkanunkha mankhwala a njenjete, koma magolovesi anali oyera mbee. Amayi anaima pakhomo akukayika, chifukwa lamulo linali lakuti asatuluke nawo popanda mwana wawo kudziwa. Koma atawaona mmene anavalira, anapumira m'mwamba n'kutenga chikwama cha mankhwala ndi timabokosi ta mpunga timene anakonza limodzi dzulo lake.

Mayi Michiko anandiweramira ngati sakundidziwa. "Dzina langa ndi Michiko," anatero. "Lero ndikhala nanu tsiku lonse. Chonde musatalikire mbendera."

Tinayenda pang'onopang'ono, iwo patsogolo, amayi pambali pawo, ine m'mbuyo. Titayandikira poimira thiramu ndinaganiza kuti tikwera yopita kubwalo la ndege. Koma kambendera kanapitirira. Tinadutsa sitolo ya nsomba ndi tchipisi, tinawoloka msewu, ndipo tinafika papaki imene ndinkaiona tsiku lililonse. Pageti lachitsulo Mayi Michiko anaima, anakweza dzanja lovala golovesi, n'kulengeza kuti ichi ndi chipata chachikulu cha kummwera, ndipo tiyang'ane m'mwamba tione kukula kwa mitengo imene anamangira. Amayi anayang'anadi m'mwamba. Nanenso ndinayang'ana, ndipo ndinaona chikwangwani choletsa agalu kuyenda opanda chingwe.

Apo m'pamene ndinazindikira. Chikwama chinayamba kundilemera. Tinapita padziwe pamene panali abakha ndi nkhunda, ndipo Mayi Michiko anandipatsa bisiketi kuti ndiinyamule m'mwamba mpaka gwape awerame. Tinaima kutsogolo kwa kanyumba ka njerwa kotsekedwa, kumene anatiuza kuti titsitse mawu chifukwa talowa m'kachisi. Mawu awo anali atasintha, akumveka amphamvu ngati a mtsikana, ndipo sankasowa liwu ngakhale limodzi. Amayi ankafunsa mafunso ngati mlendo weniweni: fanoli analipanga bwanji, nanga moto sunawotchepo kachisiyu? Ine ndinkangokhwekhwereza nsapato m'miyala, ndikuganiza zimene ndikauze ana a pafulati.

Masana tinakhala pabenchi pansi pa mtengo n'kutsegula timabokosi tija. Mayi Michiko anavula magolovesi, anawapinda bwinobwino, kenako anatembenukira kwa amayi. "Nanga inu, Agnes, ndikanabwera kwanu mukanandionetsa chiyani?"

Amayi anaseka mwamanyazi n'kunena kuti kwawo kulibe zoonetsa. Koma anaika mpunga pansi. Anati akanayamba m'mamawa, nkhungu isanachoke paphiri la Zomba, chifukwa nthawi imeneyo phirilo limaoneka ngati likupuma. Anati akanawadutsitsa pamsika, pamene pamamveka fungo la usipa ndi nthochi zakupsa, kenako n'kukwera msewu wa mitengo italiitali wopita kunyumba zakale za boma. Atanena kuti Zomba nayenso anali likulu kale boma lisanasamuke, Mayi Michiko anaomba m'manja. "Ngati Nara!" anatero. "Mizinda yathu yonse anaisiya." Anaseka awiriwo, atagwirana manja.

Ndinali ndisanaonepo nkhope ya amayi ili choncho. Kutopa kumene kunkakhala pansi pa maso awo kunali kutachoka, ndipo manja awo ankajambula misewu m'malere. Mawu ena ankawanena m'Chichewa osazindikira, ndipo Mayi Michiko ankagwedeza mutu ngati akumva. "Tikatsika kuphiri tifika pamlatho," amayi anapitiriza. "Pamenepo tikhotera kumanzere, chifukwa pali malo amene anthu ambiri sawadziwa, pamene ine ndili mtsikana..."

"This is boring," ndinatero mokweza. "It's just West Brom. There's no deer."

Amayi anasiyira pomwepo. Mayi Michiko anandiyang'ana, kenako anayang'ana dziwe, abakha, ndi kanyumba ka njerwa kaja. Anayang'ana nthawi yaitali. Kambendera kanatsetsereka pamiyendo pawo n'kugwera pansi, ndipo sanakatole. Anafunsa motsitsa mawu kuti tili kuti, ndipo amayi atawayankha anafunsanso, ulendo uno m'Chijapani.

Ulendo wobwerera unatitengera nthawi yaitali. Miyendo ya Mayi Michiko inali itafooka, ndipo amayi ankachita kuwanyamulira m'khwapa, akupuma pa mpanda uliwonse. Ine ndinanyamula ndodo ndi zikwama. Titakhota kulowa mumsewu wawo tinaona galimoto pakhomo. Bambo David anali atabwera Lachisanu, ndi kalata ya dokotala m'manja, ndipo anali atagogoda kale nyumba zoyandikana kufunsa za mayi awo. Sanakalipe. Anayang'ana jekete ija, anayang'ana ine ndi diresi langa, kenako anagwira mayi awo pamkono n'kulowa nawo. Amayi anaitanidwa m'kati, ndipo ine ndinadikira pakhonde mpaka anatuluka maso ali ofiira.

Ntchito sinathe, koma ejensi inawachenjeza n'kuwachotsa panyumbapo. Anawapatsa nyumba zakutali zofuna mabasi atatu, ndipo masiku otsala a holide ndinakhala kwa anthu a kutchalitchi mosinthanasinthana. Masamba asanayambe kugwa tinamva kuti Mayi Michiko awasamutsira kunyumba yosungira okalamba kufupi ndi Telford. Sitinatsanzikane. Amayi sanandikalipire za mawu anga aja, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndine ndinawadwalitsa. Amayi anadzandiuza ndili wamkulu kuti matendawo anali atapita kale patali, ndipo kalata imene bambo David anabweretsa inali yonena zomwezo. Tsiku limenelo ndinawafunsanso kuti kumanzere kwa mlatho kuja kuli chiyani. Anati sakukumbukanso zimene ankafuna kunena, papita nthawi. Chaka chatha ndinapita ku Zomba ndekha, chifukwa mawondo a amayi salolanso ulendo wautali. Ndinapeza mlatho, ndinakhotera kumanzere, ndipo ndinayenda mpaka msewu unathera m'minda. Ndinaona mitengo, nyumba zingapo ndi amayi akuchapa mumtsinje, koma sindinadziwe kuti ndiyang'ane chiti.

Ndili mwana ndinkaona kuti tsiku lija ndinanamizidwa, chifukwa ndinalonjezedwa ulendo ndipo sitinapite kulikonse. Panopa ndikakumbuka benchi ija ndimaona azimayi awiri amene anali atafikadi kwawo, aliyense kwake, wina akudikira kuti mnzake amalize kumuonetsa njira. Ine ndinali nawo pomwepo, mlendo amene onse awiri ankafuna kumutenga, ndipo ndinkangoyang'ana abakha.