Madzi a Anthu Amene Sanatsike Phiri

Ndinapita ku chitengwa zaka zoyambirira za chitaganya, nditanyamula Baibulo m'kabokosi ka malata, mkamwa muli mwano wokwanira. Kwathu ndi kwa Pembamoyo, kumene atate anali mkulu wa mpingo. Kwa amuna anga kunali pa Dooko, kamzinda kopanikizika pakati pa mapiri awiri cha kwa Zingalume. Panali masitolo atatu a malata, telala mmodzi wosokera pakhonde, dibi la ng'ombe, ndi mtsinje umene ngolo zinkawolokera pa thanthwe. Kamzinda konseko ukanatha kukazungulira usanamalize kudya nzimbe imodzi.

Chimene ndinaona msanga n'chakuti anthu a pa Dooko sankaloza phiri la kum'mawa ndi chala. Ankaloza ndi chibakera, monga timachitira ndi manda. Mkazi wa telala ndiye anandiuza chifukwa chake, tikuchapa kumtsinje. Nthawi ya nkhondo za Angoni mudziwu kunalibe, anthu ankabisala m'phanga pamwamba pa phirilo. Chaka china m'chilimwe ankhondo anamanga misasa pa thanthwe lomwelo tinkachapirapo, n'kukhala masiku ambiri. A m'phanga ankawaona madzi akung'anima pansi, koma kotsikira kunalibe. Ambiri anafa ndi ludzu. Otsalawo ndiwo anadzamanga mudzi mphepete mwenimweni mwa madzi, moti chaka ndi chaka mtsinje unkalowa m'makola a mbuzi, koma ukangotchula zosamukira kumtunda anthu ankakuyang'ana ngati watukwana.

Kuyambira kalelo, mvula isanagwe, banja lililonse linkatuma mkazi mmodzi ndi mtsuko wa madzi a mumtsinje kuti akadzaze kamphika ka banjalo m'phanga muja. Ankapita yekha, masana, osalankhula. Ine nditamva ndinangoti zachikunja izi, n'kupitiriza kuchapa.

Amuna anga anali atabwerera ku migodi kumene ankagwira ntchito, ndipo ndinatsala ndi apongozi ndi mwana wanga wamkazi wa miyezi inayi. Apongoziwo anali nkhalamba yaifupi, yokonda fodya wa mphuno, ndipo pakamwa tinkalingana. Amuna anga anali mzime wawo. Tinkakangana pa mchere, pa nkhuni, ngakhale pa kasesedwe ka pabwalo. Koma chimene chinkandikwiyitsa koposa chinali cha mwana. Mwanayo anali wolira kwambiri, mawu ake ankamveka mpaka ku dibi, koma ndikati ndimutonthoze apongozi ankandiletsa.

"Inu amake mwana, musiyeni alire kaye. Mukuthamangira chiyani?"

Ndinkaganiza kuti ndi nkhanza za ukalamba chabe.

Chaka chimenecho nyamakazi inawagwira mwendo apongoziwo, bondo linatupa. Tsiku lina m'mawa anandiyikira mtsuko patsogolo. Ndinakana, ndinati ine ndine mwana wa mkulu wa mpingo.

"Sindikukutumani kukapemphera," anatero. "Ndikukutumani kukatunga. Kodi kwanu kwa Pembamoyo munthu waludzu mumamufunsa mpingo wake?"

Anandiuza kuti kamphika kathu ndi kakang'ono koposa tonse, kali ku ngodya ya kumanzere, kali ndi mizere itatu pakhosi. Kenaka anati mwanayo ndiwasiyire. Sanandiuze chifukwa, nanenso sindinafunse. Ndinangoganiza kuti phirilo ndi lalitali, nkhalamba ilibe mkaka, mwana wanga alira mpaka kusasa mawu iwo akungomuyang'ana. Atapita kuseri kwa nyumba ndinamubereka mwana uja, n'kusenza mtsuko. Paja safunsa anadya phula.

Dzuwa linali loswa mtengo. Njira inali ya miyala yokhayokha, mitengo itayoyola masamba, nyenje zikulira m'makutu. Nditatsala pang'ono kufika nyenje zija zinaleka zonse nthawi imodzi, ndinayamba kumva madzi akukhuvuka mu mtsuko pamutu panga.

M'phangamo munali mozizira, mukununkha mileme ndi phulusa lakalekale. Denga linali lakuda ndi mwaye. Timiphika tinali titandandalika pansi, tina titadzazidwa kale, tina touma gwa chifukwa mabanja ake anatha. Nditacheuka ndinauona mtsinje pansi paja, ukung'anima, pafupi ndithu moti ndinkatha kuwerenga ng'ombe zimene zinkamwa. Kukhosi kwanga kunauma nthawi yomweyo.

Kamphika kathu ndinakapeza. Kanali kokwanira m'manja awiri. Ndinathira madzi, dothi lake linachita phokoso lakumwa, madzi n'kutsika. Ndinathiranso, anatsikanso. Ndikuthira kachitatu mwana anadzuka kumbuyo n'kuyamba kulira.

Phanga lija linabweza kulirako mokweza. Mwana ataleka kuti apume, kulira kunapitirirabe, koma kocheperako, kochokera ku ngodya ija. Ndikudziwa kuti mapanga amabweza mawu, ndinapitako kusukulu ine. Koma mantha amene anandigwira sanali oopa mzimu. Ndinaopa kuti kumtsinje kuja wina atimva. Ndinali wotsimikiza kuti akatimva akwera, ndipo tonse m'phangamo titha, ngakhale kuti munalibe wina koma ine ndi mwana. Ndinamuzungulitsira kutsogolo n'kumugwira pakamwa ndi dzanja langali. Sindikudziwa kuti ndinagwira nthawi yaitali bwanji. Nditachotsa dzanja anangondiyang'ana, maso ali tong'o, osatulutsa mawu.

Tsiku limenelo sanalirenso. Mawa lake chimodzimodzi. Ankayamwa pang'ono n'kulavula bere, kenaka anakaniratu, liwombo linayamba kulowa. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndinkawadziwa. Ndinkamuyang'ana n'kumaganiza kuti mwana uyu afa, ndipo womupha ndine. Chipatala chinali kutali, telala analonjeza kuti m'mawa mwake atitenga pa njinga. Apongozi sindinawauze kanthu, manyazi ndi mantha zinanditseka pakamwa.

M'mawa muja, ndikumanga kamtolo ka ulendo, apongozi anatola nsalu imene ndinaberekera mwana tsiku lija. Inali ndi mwaye m'mphepete. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Munapita naye."

"Inde, amayi."

"Analira?"

"Analira."

"Ndiye inu munatani?"

Ndinangotambasula dzanja. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandikomera, koma iwo anangokhala pansi pakhomo pomwepo.

"Ine ndinalimo m'phanga muja," anatero. "Ndinali kamtsikana, mano akutsogolo atangoguluka. Amayi anatsika kuti akabe madzi, n'kundisiyira mlongo wanga wakhanda. Anati akalira umugwire pakamwa, apo ayi tonse tifa. Analira. Ndinamugwira. Ndinagwira bwino ndithu, ankhondo sanamve kanthu. Amayi anabwera nawo madzi aja, koma mwana woti amumwetse panalibe. Kamphika kaja n'kake."

Anatenga ndodo yawo n'kuimirira. Ndinati nanga njinga ya telala, iwo anati njinga idikira, mberekeni mwanayo.

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka, tinakafika lili pamutu. Malo ena ankakwawa, malo ena ndinkawakoka ndi ndodo. Sanadandaule ngakhale kamodzi, munthu amene ankadandaula ndikawonjeza mchere pang'ono m'ndiwo. Mwana kumbuyo anali wopepuka ndi wotentha, ndipo ndinkaima kawirikawiri kuti ndimve ngati akupuma.

M'phanga muja apongozi anakhala pafupi ndi kamphika kaja n'kumulandira mwana. Madzi anali atatsala pang'ono pansi. Anaviika chala n'kumunyowetsa milomo, kawiri, katatu. Kenaka analankhula atayang'ana ku ngodya, ndi mawu a munthu wolankhula ndi mwana wamng'ono.

"Iwe, amene anakugwira ndine, si uyu. Ndabwera ndekha. Mwana wa eni uyu musiye."

Atatero anamutsina mwana pa ntchafu.

"Lira. Kumtsinje kulibe munthu, kuli ng'ombe zokha. Lira."

Mwana anangotsegula pakamwa, mawu osatuluka. Anamutsinanso, mwamphamvu. Poyamba kunatuluka kamawu kosasa, kenaka kulira kwenikweni, kuja komveka mpaka ku dibi. Phanga lonse linadzaza, mileme inabalalika padenga. Mantha aja anandibwereranso, ndipo dzanja langa linanyamuka lokha kupita kukamwa kwake. Apongozi analimenya ndi ndodo. Chipsera chake ndili nacho.

Tinakhala pamenepo tikumumvera. Analira mpaka kutopa, n'kuleka yekha, n'kuyamba kufunafuna bere. Nthawi imeneyi ku ngodya kuja sikunamveke kanthu. Apongozi anapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu.

"Zaka zonsezi," anatero, "ndinkangofuna kumva mwana akulira muno mpaka kumaliza yekha."

Madzulo ake telala anatitengera ku chipatala. Kumeneko anati mwanayo dzuwa linamuwotcha, anatipatsa mankhwala, n'kundidzudzula poyenda naye masana m'chilimwe. Sindinatsutse. Mwina n'zoona, mwina ndi zonse ziwiri, ine sindinathe kuzilekanitsa mpaka lero.

Apongozi phirilo sanalikwerenso, anamwalira tisanakolole. Kamphika kaja ndinkakadzaza ndine chaka chilichonse mpaka mawondo anga atakana, ndipo madzi akatsala mu mtsuko ndinkathirako ndi m'timiphika touma tija. Atate anamwalira osadziwa kuti mwana wa mkulu wa mpingo amakwera phiri la pa Dooko.

Mwana uja anakula ndi mawu ake omwewo. Ankaimba, ankakangana, ankaseka moti a tsidya lina la mtsinje ankadziwa kuti wadzuka. Aphunzitsi anadandaula, apongozi ake anadandaula, amuna ake anafika mpaka pondipempha kuti ndimulangize. Onsewo ndinkawamvetsera bwinobwino n'kuwaperekeza. Chibadwire chake ndinamutseka pakamwa kamodzi kokha, ndipo sindinamuuzepo kuti akhale chete.