Nambala imene a Verna anakana kutchula

A Verna Dolezal anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'kachipinda kopanda zenera, kuseri kwa polisi ya boma lathu la Tessler, kuno kuzigwa za tirigu pakati pa Amereka. Iwo ndiwo ankalandira mafoni a anthu amene zinthu zawavuta, n'kutumiza apolisi, ambulansi kapena ife ozimitsa moto kudzera pa wailesi ya ovaova. Ine ndine Lyle Stamm, mlimi, ndipo moto ndimazimitsa mongodzipereka ngati amuna ambiri kuno. Mawu a mayiwa ndinayamba kuwamva tsitsi lidakali m'mutu. Nkhani yawo imandinyansa, ndipo mmodzi mwa anthu amene amandinyansa m'nkhaniyi ndi ineyo.

Anali mayi wamasiye, wamfupi, wa mawu aakulu ngati a bambo. Lachisanu lililonse ankatiphikira makolache, timabanzi ta jamu pakati, n'kubwera nato m'bokosi la nsapato. Kunyengerera munthu sankakudziwa. Ukachedwa kuyankha pa ovaova umangomva, "Lyle, wafa kapena ukutafuna?"

Pa ovaova sitinkayankhula ngati anthu, tinkayankhula manambala. Ukati 10-4 ndiye kuti wamva, ndipo imeneyo aliyense amaidziwa. Koma manambala enawo boma lililonse linali ndi ake, osiyidwa ndi akuluakulu amene anafa kalekale. Kwathu 10-24 ndiye kuti ntchito ndamaliza, ndikubwerera. Kungowoloka mtsinje, ku boma la Ostrow, 10-24 yomweyo ndiye kuti ndili pamavuto, thamangani. Kale zimenezi sizinkavuta munthu, poti maovaova athu ndi awo sankamvana n'komwe. Tikafuna thandizo lawo, a Verna ankachita kuwaimbira foni.

Ndiye kunabwera nzeru yoti m'chigawo chathu chonse apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi azimvana pa tchanelo chimodzi pakagwa ngozi yaikulu. Nzeru yabwino, sindinganame. Kulikulu anakhazikitsa komiti, ndipo maboma ang'onoang'ono tinatumiza a Verna, chifukwa amuna tonse tinkaona ulendo wa maola anayi ngati chilango. Zaka zitatu akupita mwezi ndi mwezi. Ulendo wina galimoto yawo itafa ndinawaperekeza, ndipo zimene ndinaona kumeneko ndi madonasi, khofi wozizira, ndi amuna a mabaji akutsutsana za mtundu wa chikuto cha buku la mapulani.

A Verna anaimirira. Anati, "Mabwana, mwagula makutu, koma pakamwa mwapasiya momwemo. Munthu wa ku Ostrow akanena 10-24 akufa, ine ndimva kuti wamaliza ntchito. Tiyeni titaye manambalawa, tiziyankhula mawu. Nkhanga zinapangana kusanapse."

Mkulu wa apolisi wa kwathu, amene anabwera ndi galimoto yakeyake tsikulo, anaseka. "Mayi, ndiye tizilengeza zonse poyera, akuba azimvetsera ngati nyimbo? Manambalawa bambo anga anawasiya, sindingawataye chifukwa cha anthu a kutsidya. Iwowo aphunzire athu."

Wa ku Ostrow anayankha kuti athu ndi manambala a anthu oweta nkhumba. Anthu anaseka, wapampando anayang'ana wotchi n'kunena kuti mfundoyo ikambidwa chaka chamawa. Pobwerera inenso ndinawanyogodola. Ndinati, "Achemwali, mwakalamba, manambala akukuthawani m'mutu, nenani chilungamo." Bukulo linatuluka, lamasamba mazana awiri, chikuto chobiriwira, ndipo nkhani ya manambala inali mzere umodzi wonena kuti idzaunikidwa.

Maovaova atsopano tinalandira mu Meyi. Mu Ogasiti, Lachisanu masana, moto unabuka m'ziputu za tirigu kumpoto kwa mtsinje, mphepo ikuwomba moti chipewa sichinkakhala pamutu. Pofika 3 koloko maboma anayi anali atatumiza magalimoto, tonse pa tchanelo chatsopanocho, ndipo woyendetsa mauthenga onse anali a Verna okha, foni khutu lina, ovaova khutu lina. Ine ndinali pachitsime cha famu ina ndikudzaza thanki, uku ndikudya kolache. Ndinamva mawu a munthu akupumira m'mwamba: "Galimoto 3, 10-24. 10-24."

Galimoto 3 nafenso tinali nayo. A Verna anayankha, "10-4, Galimoto 3, zikomo." Ine ndinati mumtima, amwayi awo amaliza msanga, n'kupitiriza kutafuna.

Koma amene ankaitanayo anali a Dale Hruska a ku Ostrow, bambo wa zaka makumi asanu ndi zinayi, woweta ng'ombe. Galimoto yawo inali itatitimira mumchenga, moto utawatsekera njira. Anzawo a ku Ostrow nthawi imeneyo anali atatsika m'magalimoto, ali ndi mapaipi m'manja, osamva kanthu. Amene tinamva tinali ife a Tessler, ndipo amene anali pafupi kwambiri ndinali ine, mtunda wa mphindi zisanu, thanki yodzaza. Patapita kanthawi a Verna anakuwa pa ovaova, mawu atasintha, "Galimoto 3 ya boma liti?" Palibe anayankha. Nditafika ndinapeza matayala akufuka, ndipo zinazo sindifotokoza.

Mayi amene anachenjeza za nambala imeneyi zaka zitatu ndi amene anaimva molakwa. Khutu limamva zimene linazolowera, ndipo lawo linazolowera zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Akomiti anatumiza maluwa aakulu ngati chitseko. Mkulu wa apolisi anauza olemba nyuzi kuti makina anagwira bwino ntchito, vuto linali la munthu wa pa desiki. Ndinali pomwepo akuyankhula zimenezi, ndipo ndinangoyang'ana nsapato zanga. Za munthu amene ankadya banzi pachitsime palibe anafunsa, nanenso sindinadziulule.

Kuno wozimitsa moto akamwalira timamuitana komaliza. Kumanda magalimoto onse amayatsa maovaova, wa pa desiki amaitana malemuyo katatu, pamakhala zii, kenako amatchula nambala yotanthauza kuti waweruka. Mwambowo umayenera kuchitidwa ndi wa pa desiki wa boma la malemu, koma mayi Marlys, akazi a a Dale, anakana. Anapita okha kunyumba kwa a Verna. Anati, "Mawu omaliza a amuna anga munawamva ndinu. Muwaitane ndinu." Kaya kunali kukhululuka kaya kulanga, mpaka lero sindidziwa.

Akuluakulu anakonda zoti mwambowo uchitike pa tchanelo chatsopano, chigawo chonse chimve. Koma anagwa m'vuto, poti nambala ya kuweruka nayonso inali yosiyana. Anakangana pafoni masiku awiri, mtembo uli m'nyumba yachisoni, kuti atchule ya Tessler kapena ya Ostrow. Pomaliza analemba zonse ziwiri papepala n'kukawapatsa a Verna. Ndithu, anthu aulemu wawo, a imvi, osachita manyazi.

Tsiku la maliro kunatentha. Magalimoto ofiira anandanda kuchokera pachipata cha manda mpaka kumsewu waukulu, akomiti ali kutsogolo ndi magolovesi oyera. Ine ndinaima pakhomo pa galimoto yanga, ovaova m'manja. Kenako mawu a a Verna anamveka paliponse, kuchokera m'kachipinda kawo kaja.

"Tessler ikuitana Galimoto 3 ya Ostrow, a Dale Hruska."

Zii.

Anaitana kachiwiri, kachitatu. Ndinamva pepala likukhwinyatidwa pafupi ndi maikolofoni.

"Nambala sinditchula," anatero a Verna. "A Dale Hruska anafa. Anapsa ndi moto Lachisanu. Anapempha thandizo kawiri, ine n'kuwayankha kuti zikomo. Amene simunamve munene, ndibwereze."

Mkulu wa apolisi anafiira mpaka m'khosi. Mayi Marlys anagwedeza mutu kamodzi, akuyang'ana bokosi.

Tsiku lomwelo a Verna anasiya makiyi pa desiki, ndipo sanabwererenso. Pano amakhala kwa mwana wawo wamkazi, amalima tomato kuseri kwa nyumba, ndipo foni ikalira amatuluka panja. Komiti inasankha kakomiti kena koti kaunike nkhani ya manambala, ndipo ndamva kuti kakumana kale kanayi.

Koma chimene chimandidya ine ndi china. Kumanda kuja, atamaliza kuyankhula, ndinaona kuti sibwino mayiyu akhale yekha m'kachipinda kaja popanda womuyankha. Ndinafuna kuti chigawo chonse chimve kuti nanenso ndinamva a Dale akuitana, kuti ndinali pafupi ndi madzi, kuti mlanduwu si wa munthu mmodzi. Mawu onse ndinali nawo. Ndinadina batani, maovaova a magalimoto onse anatseguka, anthu anatembenuka kundiyang'ana, ndipo chimene chinatuluka pakamwa panga chinali 10-4.