Tepi ya Azakhali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili chaka chachiwiri pa yunivesite ku Durban, komwe ndinkaphunzira kuyerekeza zolemba za mitundu yosiyanasiyana. Mphunzitsi wathu wina, mayi amene tinkangowatchula kuti a Dokotala, anatulukira kuti ndine Mmalawi, chinthu chimene m'basi ndinkachibisa poopa odana ndi alendo. Ankafuna mtsikana wowajambulira nyimbo za chinamwali kuti aziyerekeze ndi za Azulu. Ndinavomera ndisanaganize n'komwe.

Anandipatsa wailesi yojambulira mawu, maikolofoni, mabatire ndi makaseti. Ndikajambula, ndinkabweza tepi mobwerezabwereza mpaka liwu lililonse litamveka, kenako n'kutaipa, Chichewa kumanzere, Chingerezi kumanja. Wailesi ikatafuna tepi, ndinkaikulunganso ndi pensulo.

Woimba anali azakhali anga. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Amanzimtoti, koma kwa Amalawi a kumeneko anali namkungwi, ndipo mtsikana akatha msinkhu ankapita naye kwa iwo. Poyamba anakana. Ndinawachonderera mpaka anandiimbira m'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba ya abwana, chitseko chili chotseka.

"Iwe mwana, izi asamve mwamuna aliyense," anandichenjeza.

Mawuwo ndinawafikitsa kwa a Dokotala monga analili. "Palibe vuto, ndimvera ndekha," anatero.

Kumapeto kwa chaka kunali semina, ndipo a Dokotala anaitana azakhali ngati mlendo wolemekezeka. Azakhali anapempha tchuthi kwa abwana awo, anamanga duku latsopano, tinakwera sitima. Tinapeza chipinda chitadzaza, amuna ali mbwee, aphunzitsi ndi anyamata a m'kalasi mwathu omwe. Ine ndinkati kukhala zokamba basi. Ndinangoona a Dokotala akuyatsa pulojekita, Chingerezi chimene ndinataipa chija chili pakhoma, kenako akudina wailesi.

Mawu a azakhali anadzaza chipinda chonse, akulangiza namwali za kuchipinda. Anyamata a kumbuyo anayamba kutsinana, wina n'kumagwedeza chiuno pampando. Azakhali anaimirira. Ananyamula chikwama chawo n'kutuluka.

Ndinapita kutsogolo, ndinazula chingwe kukhoma, n'kutulutsa kaseti.

"Ukuchita chiyani?" anafunsa a Dokotala. "Izi ndi ndakatulo ngati zina zonse, si za munthu mmodzi."

Mpaka lero mawu amenewa amandiwawa. Munthu wodziwa zilankhulo zambirimbiri, wotiphunzitsa kuwerenga mosamala mpaka kampumiro kalikonse, analephera bwanji kumva chiganizo chimodzi chachidule cha azakhali chija? Anamva bwinobwino. Anangoona kuti mawu a wantchito wa m'nyumba alibe kulemera.

Azakhali ndinawapeza pa siteshoni. "Eish, mwandivula pagulu," anatero, osandiyang'ana.

Sanali munthu wobisa nkhani. Lamlungu lomwelo anakawauza okha amayi anzawo zimene zinachitika, ndipo kuyambira pamenepo palibe anabweretsanso mwana wake kwa iwo. A Dokotala anapeza wophunzira wina, kafukufuku wawo anapitirira ngati sipanachitike kanthu.

Digiri ndinamaliza, ndipo ndimajambulabe nyimbo za anthu. Koma lonjezo la wondituma sindilinyamulanso kupita nalo kwa woimba. Ndikamaliza kujambula, kaseti imatsala m'manja mwa mwini nyimbo, ndipo wofuna kuimva, kaya ndi pulofesa, amapita yekha kukaodira pakhomo pake.