Chithunzi cha Bambo pa Nyumba Yadothi

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene fakitale ina ya ku Makata, komwe bambo ankagwira ntchito, inawatumiza ku China kukaphunzira kukonza makina atsopano. Anakhala milungu itatu ku Xiamen, mzinda wa doko m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kwathu ku Chirimba ndinanyada mpaka anzanga kutopa nane.

Atabwera, ndinatenga chithunzi chimodzi mwakabisira n'kupita nacho kusukulu. Pachithunzipo bambo anaima kutsogolo kwa chinyumba chozungulira cha makoma adothi lofiirira, nkhuku zikupalasa pambali pawo.

Mnzanga Asiyatu anachiyang'ana n'kuphulika kuseka. "Iwe, China yake iti? Ku China kuli nyumba zamagalasi. Bambo ako anakabisala ku Thyolo, mwina ali ndi mkazi wina."

Mawuwo anandikhala mumtima, ndipo ndinayamba kuwazonda bambo anga. Ndinanunkhiza jekete lawo kufuna fungo la nyanja, koma ndinangomva sopo wathu yemweyu. Maswiti amene anatibweretsera ndinakawaonanso m'sitolo ina ku Limbe. Akamasimba za sitima zazitali kuposa msewu wathu, zosenza makontena, ine ndinkayang'ana nkhope ya amayi kuti ndione ngati nawonso akukayika.

Loweruka lina masana, bambo akupukuta nsapato pakhonde, ndinalephera kupirira.

"Ababa, kodi munapitadi ku China?"

Anaika burashi pansi. Sanakalipe. Anandituma kukatenga chithunzi chija n'kundilozera ndi chala.

"Werenga, nsanjika zinayi izi. Ndi nyumba za anthu otchedwa Ahaka, kumapiri, maola angapo pa basi kuchokera kudoko. Fuko lonse limakhala m'nyumba imodzi, khomo limodzi, chitsime pakati. M'munsimu mulibe mawindo chifukwa ankaopa achifwamba. Ndinajambulitsa pamenepa poganiza kuti iweyo udzakondwa kuona kuti dothi lingakwere chonchi."

Anatola burashi n'kupitiriza kupukuta. Kuyambira tsikulo sanasimbenso za ulendowo, ngakhale alendo awafunse.

Bambo anamwalira ndisanawapepese. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndinazindikira kuti si onse amene ukawakayikira amalimbana nawe. Ena amangotseka pakamwa. Mmene munalili mkati mwa nyumba ija, zimene anadya, amene anawalandira pakhomo, ndilibenso wondiuza.