Phewa la a Nicolau

Mukafika ku Domwe tsiku la msika, funsani a Nicolau. Musavutike n'kufotokoza nkhope. Aliyense akulozerani phiri la matumba a kachewere limene likuyenda lokha kupita ku kamiyau, chigalimoto cha katundu. Mukawerama n'kusuzumira pansi pa phirilo muona timiyendo tiwiri towonda ngati mapesi. Ndi iwowo.

Anabadwira ku Dedza makolo awo atathawa nkhondo. Pobwerera kuno, tsidya lino la malire, anali ndi zaka zinayi, ndipo abale awo amalumbira kuti chitseko cha banja lonse anasenza ndi iwowo. Ine sindinaone, koma sindikutsutsa. Sukulu anaiyamba, anaiyang'anitsitsa, n'kuitsanzika mwaulemu. Kuyambira pamenepo ntchito yawo ndi kulonga kachewere m'matumba ndi kusenza.

Musaderere kulonga. Mbuli imangokhuthula, thumba n'kudzaza mphepo yokhayokha, kenako imalimenya zibakera kuti likhazikike, kachewere yense n'kusupuka khungu. A Nicolau ayi. Amagwada, amalikumbatira thumbalo litaimirira, n'kumaligugudza ndi chikhatho pang'onopang'ono, kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mpaka kachewere aliyense atapeza pokhala.

Anakwatira mochedwa, anthu atasiya kale kuwafunsa. Mkazi wawo ndi Telma wa ku Lifidzi, ndipo anapita kukakhala komweko chikamwini. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi katundu amene sananyamulike: apongozi awo, a Bernardina. Mayi ameneyu akatsokomola, nkhuku zimalowa zokha m'khola masanasana. A Nicolau akawaona akubwera panjira ankapatukira m'munda mwa nyemba n'kunjuta, monga mwambo ufunira, kungoti iwo ankapitiriza kunjutako mpaka fumbi la apongozi litatha.

Kenako kunabadwa Yara. Kamwana kokongola, tsitsi bii, koma mawu ngati wogulitsa nsomba. Akangoyamwa, amayamba: kupinda timiyendo, kudzikhotetsa msana, nkhope piriwiri, kenako mkaka bwa! pa kapulana, chitenje cha mayi ake. Tsiku lonse. Telma anawonda, maso analowa, zingwe zonse za pamudzi zinadzaza makapulana ochapa.

Anapita naye kuchipatala. Namwino, a Lúcia, anamupima, anamuika pa sikelo imene kuno timati balansa, nati mwana alibe matenda oopsa. Akumeza mpweya poyamwa, ndiponso kamimba kake sikanakhwime, n'chifukwa mkaka ukubwerera. Anati aziyamwa pang'ono koma pafupipafupi, ndipo akayamwa asamugoneke msanga, amuimike paphewa mpaka ageye. Zitsamba ayi. Akasanza zobiriwira kapena magazi, akatentha thupi, kapena balansa ikayamba kutsika, athamange naye.

Kumudzi anachitadi zogeyetsazo, koma mwa njira yawo. Azakhali ake anamudumphitsa pabondo ngati akupeta chimanga. Mkaka bwa! A Bernardina anamumenya kamsana ngati akukuntha nyemba. Mkaka bwa! Wina anamumanga kumbuyo zolimba n'kuwerama kusesa. Musafunse.

Sabata yachisanu a Bernardina anapeza yankho.

"Dotolo wa m'buku sangazione izi. Mwanayu wasemphedwa."

Tsempho! Ndiye kuti bambo wayenda ndi mkazi wina mwana akadali wakhanda, ndipo kutentha kwake n'kumene kukumudwalitsa mwanayo. Umboni unalipo wambiri. Nthawi yokumba kachewere a Nicolau amagona ku Domwe masiku awiri atatu. Ndipo munthu wina anaona ndi maso ake mayi wogulitsa thobwa kumsika akuwadzazira chikho mpaka kusefukira. Kusefukira! Mkazi angadzazire munthu chikho chotero popanda chifukwa?

Kuyambira tsiku limenelo anawaletsa kukhudza mwana. Kunena zoona, anali asanamunyamulepo n'kale lomwe, ankaopa kuti manja a matumba angamuthyole. Ankangomusuzumira ali pakhomo, chipewa m'manja. Tsopano ndi pakhomo pomwe anawachotsapo. Ankhoswe anaitanidwa Loweruka, ndipo mudzi wonse unkadziwa chimene chimatsatira: mkamwini wosempha mwana amanyamula khasu lake n'kubwerera kwawo, mkazi ndi mwana n'kutsala.

Loweruka m'mawa tinasonkhana pansi pa mtengo wa pichesi. A Nicolau anali atamangirira kale chuma chawo chonse panjinga: khasu, bulangeti, wailesi yopanda chivundikiro. Munthu amene amasenza matumba awiri nthawi imodzi anakhala pansi ngati wathyoka m'chiuno.

Nkhoswe yawo, malume awo a Armindo, anayamba bwino. "Mphwangayu ndimamudziwa ine. Akazi amawaopa. Telma yemweyu anamufunsira ndi ine, iye atabisala kuseri kwa nkhokwe."

"Amene amabisala kuseri kwa nkhokwe ndi amene amadziwa poboola," anatero a Bernardina, atatembenukira kumbali poti mkamwini sayang'anizana naye.

"Amayi," anatero a Nicolau, akuyankhula ndi dothi, "thobwa ndinamwa, sindikana. Koma ndinangomwa thobwalo."

"Nanga chikho chinasefukiranji?"

"Dzanja lawo limanjenjemera, amayi. Ndi agogo aja a mano awiri."

"Mano awiri! Mwamva? Mpaka mano anawawerenga!"

Apa n'kuti Yara wayamba. Telma anamuyamwitsa ali chikhalire pamphasa, ndipo atangochotsa bere, nyimbo ija inayambika, timiyendo kupinda, msana kukhota. Palibe ankamvanso mnzake. A Armindo ankangooneka kukamwa kukuyenda.

Telma anaimirira. Mtsikana wofatsa ameneyu, amene sanayankhepo mayi ake chibadwire, anadutsa pakati pa bwalo lonse n'kukaima pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo a Yara, tambasulani manja."

"Iwe Telma! Ufuna kumumaliza mwanayo?"

"Mayi, sabata zisanu sindinagone. Aliyense pamudzi pano wamugwirapo mwanayu kupatula mwini wake. Ngati ali otentha, tione pompano. Akachoka lero, achoke atamunyamulako kamodzi."

Anamuika m'manja mwawo.

A Nicolau anamulandira ngati awapatsa dzira la Bishopu. Za ana sankadziwa kanthu. Koma manja ali ndi nzeru zawozawo. Anagwada. Anamuimika mwanayo pachifuwa, kamutu paphewa, dzanja limodzi litachirikiza kakhosi. Ndiye chikhatho chija, chachikulu ngati lichero, chinayamba ntchito imene chimaidziwa: gugu, gugu, pang'onopang'ono, kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, kusisita, kuyambiranso. Mwana akulirabe. Iwo osafulumira. Thumba silifulumizidwa.

Kulira kunasanduka kudandaula. Kudandaula kunasanduka kusisima. Bwalo lonse zii.

Ndiye Yara anageya.

Abale anga, ndamvapo mabingu a Disembala. Ndamvapo kamiyau ikuphulika tayala pa mtsetse. Koma kugeya kumene kunatuluka m'kamwana ka makilo anayi tsiku limenelo, mapichesi atatu anagwa mumtengo. Galu wa a Armindo anathawa, mpaka lero akuti ali ku mishoni ya Fonte Boa, analowa mpingo. Alonda a m'malire anafunsana ngati nkhondo yayambiranso.

Timkaka pang'ono tinatsikira pamalaya a bambo ake. Yara anayasamula, anatsamira khosi la a Nicolau, n'kugona. Telma anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira iyeyo, ndipo sitinamuletse.

Tonse tinayang'ana a Bernardina. Anakonza duku lawo, anayang'ana kumwamba ngati akuona za mvula.

"Mwana anangotopa n'kulira," anatero, n'kulowa m'nyumba.

Mlandu sunagamulidwe. Ankhoswe anakhala, anadikira, anadya mapichesi atatu aja. A Nicolau anagwadabe pomwepo osasuntha, poopa kudzutsa mwana, miyendo mpaka kuchita dzanzi, njinga ili chimangire pamtengo. Dzuwa litafika pamutu Yara anadzuka, Telma analowa naye kukamuyamwitsa, ndipo posakhalitsa tinamva nyimbo ija ikuyamba. Kenako mawu a a Bernardina anatulukira pawindo:

"Telma! Kawauze bambo a Yara kuti mwana wayamwa. Akudikira chiyani? Ndipo njingayo aimasule, ikutchinga njira ya mbuzi."

Kupepesa kwa apongozi kumathera pamenepo, ndipo amene akufuna koposa apo akakwatire kwina.

Sindikunamizani kuti mwana anachira tsiku lomwelo. Mkaka anabwezabe miyezi ingapo, masiku ena ankalira ngakhale ali paphewa. Koma Telma anaphunzira kagugudzidwe kaja, a Nicolau anasiya kugona ku Domwe n'kumapalasa kubwerera tsiku lililonse, ndipo balansa ya a Lúcia inkakwera mwezi ndi mwezi. Yara pano akuthamangitsa nkhuku za agogo ake, ndipo ndi munthu yekhayo pamudzi amene sawaopa.

Mbiri inafika kumsika. Masiku ano mayi akamavutika ndi khanda pakati pa milu ya kachewere, anzake amangomuuza kuti apite nalo kwa a Nicolau. Iwo amatula thumba, amasamba m'manja, amagwada. Eni kamiyau amaliza hutala, iwo osatembenuka. Mukadzawapeza, yang'anani malaya awo. Phewa lamanja ndi lofiira ndi dothi la matumba. Lamanzere ndi loyera mbuu, ndipo limenelo salola kuti thumba likhudzepo.