Chimene Apongozi Ankadikira

Ndinakwatiwira ku Mzuzu ndikuchokera ku Dedza, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Amuna anga anali kalaliki, ine ndinkasoka madiresi kunyumba kwathu ku Salisbury Lines. Zaka zinadutsa, mwana osaoneka. Mizu imene ndinamwa ine, abale! Ina inkandisanzitsa mpaka ndulu.

Nditatopa ndinawakokera bambowo kuchipatala. Ine anandipeza bwinobwino. Atawayeza iwo, dokotala anatikhazika pansi nati mbewu yawo ndi yochepa kwambiri, komanso yofooka. Anati si matenda otenga kwa akazi, si ufitinso ayi: amuna ena amabadwa choncho, ndipo nthawi zina zimayenda m'mtundu. Kenaka anafunsa ngati abale awo aamuna ali ndi ana. Amuna anga anangoyang'ana pansi. Akulu awo anali atathamangitsa kale mkazi pomunena kuti ndi wosabereka.

Pobwerera, kamvula ka Mzuzu kakuwaza, anandigwira mkono. “Chonde, izi zithere pakati pa awirife.” Ndinavomera, chifukwa ndinkawakonda. Komabe mtima unkandiwawa.

Loweruka lina apongozi anga aakazi anatulukira kuchokera kumudzi, pamodzi ndi azakhali a amuna anga. Ndinagwada, ndinawapatsa moni wa Chitumbuka umene ndinaphunzira movutikira, iwo anangoyankha chapakhosi. Tiyi sanamukhudze.

“Mkamwana,” anayamba apongozi, kutanthauza ine mkazi wa mwana wawo, “ng'ombe tinapereka kwanu, koma nyumba ino ili zii. Tapeza mtsikana kumudzi. Kaya ukhala naye, kaya ubwerera ku Dedza, usankhe wekha.”

Ndinayang'ana amuna anga. Anali kukanda ulusi wa pampando ngati nkhaniyo ndi ya aneba. Ndinadikira. Mumtima ndinkati, yankhulani bambo inu, mawu amodzi okha!

“Nanga iwe ukuti bwanji?” azakhali anawafunsa amuna anga.

“Ndamva, yewo,” anatero.

Yewo! Akuthokoza! Ulemu wonse ndinauiwala.

“Amama, mtsikanayo musamuvutitse. Ngakhale mubweretse khumi, mwana sabadwa muno. Vuto si ine. Adokotala anatiuza kuti bambowa anabadwa choncho.”

Ndinkayembekezera kukuwa, kapena mbama imene. Ayi ndithu. Apongozi anangokonza duku lawo, n'kuusa moyo.

“Ukuyesa sitikudziwa? Pabanja pano amuna ena ndi otero chomene, kuyambira kale. Koma mwamuna sanenedwa pagulu. Akazi anzeru amene anakwatiwa kuno ankapita kumbali mwakachetechete, n'kubweretsa mimba, mwana n'kutenga dzina la pakhomo. Palibe ankafunsa. Tinakupatsa zaka zonsezi, iwe unkadikira chiyani?”

Ndiye kuti mizu yonse ija ankandimwetsa akudziwa, ndipo mlandu wanga unali woti sindinagone ndi mwamuna wina.

Ndinatembenukira amuna anga. “Bambo, inunso mumafuna zimenezi?”

Ndinkafuna akane, akalipe, ngakhale aswe kapu. Iwo anadzutsa mutu pang'onopang'ono, misozi ili m'maso.

“Sindikanakufunsa kuti mwanayo ndi wa yani,” anatero.

Lolemba m'mawa ndinanyamula makina anga osokera, ndinakakwera basi ya ku Dedza ndekha.