Wokonza Mawotchi ndi Mimba ya Miyezi Isanu

Mumsewu wonsewo ankawatchula kuti a Wotchi. Anali ndi katebulo pakhonde la sitolo ya nsapato, pafupi ndi wometa tsitsi, ndipo anakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kagalasi kali m'diso, akutola tizitsulo tochepa ngati nsabwe. Ntchito ankaidziwa. Zimenezo palibe angatsutse, ngakhale anthu a masiku ano amene amaona nthawi pafoni n'kumachedwabe.

Koma ntchito ukaigwira nthawi yaitali imakupotoza mutu. A Wotchi anali ndi lamulo lawo: chinthu chowonongeka sichidzikonza chokha. Munthu akabwera n'kunena kuti, "Inaima dzulo, koma lero yayambanso kuyenda," iwo ankadziwa kuti pali bodza. Mwina waigwetsa ndipo akubisa, mwina sinaime n'komwe.

Anakwatira mochedwa, imvi zitayamba kale. Akazi awo ankasita zovala za anthu pamalo ochapira, mayi wosalankhulalankhula. Atakhala ndi pakati, miyezi itatu yoyamba inawazunza. Ankasanza m'mawa uliwonse, fungo la sopo linkawabweza pakhomo la kuntchito, ndipo masana ankagona ngati amenyedwa. A Wotchi ankatseka tebulo msanga, n'kukaphika, kuchapa, kutsuka beseni. Ankachita zonsezo osadandaula, koma mumtima ankasunga.

Mwezi wachinayi uli pakati, tsiku lina anafika kunyumba n'kupeza mazenera onse ali otsegula, makatani ali pachingwe, mayi akukolopa uku akuimba. Anali atadya kale mbale ziwiri. Mwamuna wina akanathokoza. A Wotchi anangoima pakhomo, akuyang'ana akazi awo ngati munthu wabwera ndi wotchi yonamizira.

Lamlungu kunabwera alamu awo, akulu ake a mayiwo, amene ankagulitsa mankhwala m'sitolo ina. Ali mkati modya, a Wotchi anatsegula pakamwa.

"Alamu, mng'ono wanuyu ndi katswiri. Miyezi itatu ndakhala wantchito wake. Lero taonani mmene akudyera. Matenda anji otha opanda mankhwala?"

Alamuwo anaseka, poyesa ndi nthabwala. "Ndiye inu mumafuna azisanza mpaka liti? Beseni mwalisowa?"

"Ine ndikungoti munthu akafuna kupuma azinena. Osati kuchita sewero."

Mayi anaika supuni pansi. Sanalire. Anatola mbale n'kupita nazo kukhitchini.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuwauza chilichonse. A Wotchi, munthu wa maso akuthwa, ankaona okha. Ankaona timagazi pamswachi. Ankaona mayi atakhala m'mphepete mwa bedi m'mawa, akusisita katumba amene wakokana. Siketi inasiya kutseka, mayi n'kuigwira ndi pini. M'masaya munayamba kuda. Pogona ankagonera m'mbali, pilo ali pakati pa mawondo. Akafunsa kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" yankho linali limodzi: "Ndili bwino, bambo."

Mwezi wachisanu, kusikelo anati abambo abwere nawo. A Wotchi anavala jekete, n'kukhala kumapeto kwa benchi, pakati pa amuna ena atatu amene ankayang'ana nsapato zawo. Kunabwera namwino wachikulire, wa mawu aakulu, n'kuima kutsogolo.

"Inu a miyezi inayi, isanu, isanu ndi umodzi, mwaona kuti mseru watha wokha, sichoncho? Kwa ambiri zimatero. Thupi lazolowera, mphamvu zabwerera, njala yafika. Idyani. Koma musaganize kuti ntchito yatha. Msana uyamba kuwawa, miyendo izikokana, nkhama zina zizituluka magazi. Zimenezo musaope. Koma mukaona magazi kumusi, kapena mutu waukulu, kapena nkhope yatupa, bwerani tsiku lomwelo."

Mayi wina wonenepa anakweza dzanja. "Anamwino, za mseruzo mubwerezenso, abambowa amve. Wanga akuti ndinkanamizira kuti azindiphikira."

Benchi yonse inaseka. Wina anati, "Ndi wanganso."

"Timawadziwa amenewo," anatero namwino. "Mwezi uliwonse amabwera. Mutibwereke mmodzi, timupatse mseru wa sabata imodzi, tione ngati angafike Lachitatu."

A Wotchi anamva makutu akutentha. Chimene chinawapweteka kwambiri n'chakuti nzeru zimene ankayesa zawozawo, zochokera patebulo la zaka zonsezo, zinali uchitsiru wamba, wopezeka pabenchi iliyonse. Akazi awo sanaseke. Sanawayang'anenso.

M'kachipinda, namwino anayeza mimba ndi tepi, n'kulemba pakhadi.

"Mwana akusuntha?"

"Eee. Ino ndi sabata yachitatu."

"Zabwino. Bambo anamumvapo?"

Mayi anakonza bulauzi yawo pang'onopang'ono. "Sindinawauze. Akanati ndi sewero."

Namwino anayang'ana a Wotchi pamwamba pa magalasi ake, n'kupitiriza kulemba. Bwenzi zili bwino akanawakalipira.

Pobwerera anayenda mtunda wautali wapansi. Atafika pamalo odikirira basi, a Wotchi anachotsa chipewa.

"Mayi, ndinalakwa."

"Munalakwa, inde. Koma simunalakwire pano. Munanena pamaso pa achemwali. Mawa lake iwo anandifunsa ngati n'zoona. Mkulu wanga weniweni, kundifunsa ine zimenezo."

Madzulo omwewo a Wotchi anapita kusitolo ya mankhwala ija. Munali anthu, koma alamu sanawatengere pambali.

"Nenani pompano, alamu. Kutebulo kuja simunanong'one."

Ananena kuti analakwa, akazi awo sankanamizira. Alamu anati sanamve bwino, fani ikusokosa. Ananenanso, mokweza, mayi wina wogula mankhwala a chifuwa akumvetsera mpaka kumapeto.

Atafika kunyumba anapeza akazi awo atakhala pampando, miyendo ili pakasitulu, tiyi ali patebulo. Anawauza kumene achokera. Mayi anangogwedeza mutu. Patapita nthawi anati, "Bweretsani dzanja. Amakonda cha kuno."

A Wotchi anagwada pansi, n'kuika dzanja pamene anawalozera. Anadikira mpaka mawondo anachita dzanzi. Mwana sanasunthe tsiku limenelo, koma mayi sanalichotse dzanjalo.